Pamene mtengo wa bonsai ukufota ngakhale mwatsata zonse za mu vidiyo

Chaka chilichonse mvula ikangokata ndimalandira zithunzi zofanana kuchokera kwa anzanga amene anayamba luso la bonsai, lomwe ndi kuweta mitengo m'miphika kuti ikhale yaing'ono, poonera aphunzitsi a pa intaneti. Kamtengo kali mu mphika wosaya, nthambi zake zakulungidwa waya mooneka bwino, koma masamba alendewera ngati chimanga cha pamchenga pa nthawi ya ng'amba, ndipo pansi pa chithunzicho pali funso lakuti, "Achimwene, ndalakwitsa pati, popeza ndachita zonse monga anachitira mphunzitsi uja?" Funsoli limandikhudza chifukwa nanenso ndinataya kachere wanga woyamba kuno ku Ulongwe mwa njira yomweyo. Ndinamuzula mu Malichi, ndi kudula mizu, kudulira nthambi ndi kumanga waya tsiku limodzi, popeza mphunzitsi amene ndinkamuonera ananena kuti Malichi ndiwo mwezi wake, koma pofika Juni mtengowo unali nkhuni. Mphunzitsiyo sananame. Ankanena za mtengo wake, pa dziko lake, m'nyengo yake, ndipo ine ndinatenga mawuwo osawatembenuza kuti ayenerane ndi kuno. Mavuto ambiri amene ndafotokoza m'munsimu gwero lake ndi lomwelo.

Mwezi umene ukutchulidwa si mwezi wanu

Aphunzitsi ambiri odziwika amakhala kumpoto kwa dziko lapansi. Ryan Neil, amene anaphunzira kwa Masahiko Kimura ku Japan, amagwira ntchito pafupi ndi Portland ku Oregon. Peter Chan ali ku Surrey ku England. Nigel Saunders ali ku Ontario ku Canada. Kumeneko Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya kuzizira koopsa, mitengo yambiri imagona, ndipo imadzuka mu Malichi ndi Epulo dzuwa likuwala mofatsa, mpweya uli ndi chinyontho. Ife a m'chigawo cha Tete tili kumwera, choncho mu Malichi mtengo wathu umakhala ukumaliza kukula ndi kusunga chakudya cha nyengo yozizira. Mukaudula mizu pa nthawi imeneyi, umalowa Meyi, Juni ndi Julayi uli ndi mabala amene sungathe kuwapoletsa, chifukwa mizu yatsopano simera msanga nthaka ikazizira.

Ambiri akazindikira izi amangowonjezera miyezi isanu ndi umodzi, nati Malichi wa kumeneko ndi Seputembala wa kuno. Kutero n'kuyamba bwino, koma sikukwanira. Seputembala ndi Okutobala wathu si nyengo yofatsa: ndi chilimwe chouma, cha mphepo ndi fumbi, ndipo mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 mvula isanayambe. Mtengo umene wangodulidwa mizu sungathe kumwa madzi okwanira masamba ake pa kutentha kotero. Palinso msampha wa mawu. Makina omasulira nthawi zina amatembenuza spring (nyengo imene mitengo ya kumpoto imadzuka) kukhala masika ndi winter (nyengo yozizira) kukhala dzinja, pamene kwa ife masika ndi nthawi yokolola, ndipo dzinja ndi nthawi ya mvula, imene mitengo imakula kwambiri. Munthu wowerenga kuti "musathirire kwambiri m'dzinja chifukwa mtengo wagona" angasokonezeke ndithu.

Njira yake ndi iyi: mphunzitsi akatchula mwezi, musalembe mweziwo, koma yang'anani mtengo umene uli m'manja mwake ndi kulemba zimene mtengowo ukuchita. Kodi masamba atsopano angotupa koma sanatseguke? Kodi atseguka kale ndipo akhwima? Kodi mtengo wayoyola? Chizindikiro chimenecho ndicho muyembekezere pa mtengo wanu, kaya chibwere mwezi uti. Kwa kachere, mkuyu, bwemba ndi bougainvillea, nthawi yabwino yodula mizu ndi pamene usiku wafunda ndipo mvula yayandikira kapena yangoyamba, cha kumapeto kwa Novembala mpaka Disembala. Mlambe umasinthidwa mphika ukadali wopanda masamba, timaso ta pa nthambi titangoyamba kutupa. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene malo ambiri ali pamwamba pa mamita 1,000 ndipo chisanu chimatha kuwaula mbewu m'madimba mu Juni ndi Julayi, mitengo yoyoyola monga pichesi imadzuka cha mu Ogasiti, ndipo apo ndi pamene malangizo a aphunzitsi a kumayiko ozizira amayandikirako ku zoona zathu. Msangu uli ndi kalendala yakeyake, monga mlimi aliyense adziwa: umayoyola mvula ikamagwa ndi kuphuka mvula ikatha, choncho amene akuuweta m'mphika ayenera kutsata mtengowo, osati mitengo yoyandikana nawo.

Popeza ambiri a ife tinaphunzira Chipwitikizi kusukulu, tili ndi mwayi umene anzathu a tsidya la malire ku Dedza ndi Ntcheu alibe: tikhoza kumva aphunzitsi a ku Brazil, amene miyezi yawo imagwirizana ndi yathu ndipo amaweta kwambiri mitengo ya kotentha. Koma chenjerani, pakuti wolankhula Chipwitikizi wa ku Portugal ali kumpoto, ndipo wa ku Cape Town, ngakhale ali kumwera ngati ife, mvula yake imagwa m'miyezi yozizira pamene kuno kuli gwa. Aphunzitsi a ku Indonesia, India ndi Vietnam ndi othandiza pa kachere ndi bwemba ngakhale simukumva chinenero chawo, chifukwa manja awo amaoneka, kungoti mpweya wa kwa ambiri a iwo ndi wachinyontho kuposa wa chigwa cha Zambezi.

Ntchito ya zaka zitatu mu mphindi makumi awiri

Vuto lachiwiri limayendera limodzi ndi loyamba. Vidiyo imaonetsa mtengo wachitsamba ukusanduka chokongola mu mphindi 20, koma siionetsa kuti mtengowo unadyetsedwa bwino chaka chathunthu usanakhudzidwe, kapena kuti pambuyo pake unasungidwa m'nyumba yotetezedwa ku mphepo ndi dzuwa. Mtengo umapanga chakudya ndi masamba, umamwa ndi mizu, ndipo madzi amakwera kudzera mu thunthu ndi nthambi. Mukavulaza zitatu zonsezi tsiku limodzi, palibe mbali yotsala yochiritsa inzake. Lamulo limene ndimalitsata ndi lakuti ntchito yaikulu ikhale imodzi pa nyengo imodzi ya kukula. Ngati mwadula mizu chaka chino, kupinda nthambi zazikulu kudikire chaka chamawa, ndipo podula mizu ya mtengo umene sunazolowere mphika musapyole gawo limodzi mwa magawo atatu. Kachere amapirira zambiri kuposa apa nyengo ikafunda, koma wophunzira asayambe ndi kuyesa malire a kupirira kwake.

Ngati mwachita kale zonsezi ndipo mtengo wafota, musauzulenso kuti muone mizu, chifukwa kutero n'kuthyola timizu timene tayamba kumera. Kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: m'kati mukakhala mobiriwira, mtengo uli moyo. Uikeni pamthunzi wowala, kumene mphepo siwomba, chotsani waya aliyense wothina, ndipo musathire feteleza ngakhale pang'ono, popeza mizu yovulala imapsa nayo. Thirirani pokhapokha dothi likayamba kuuma, pokumbukira kuti mtengo wopanda masamba umamwa pang'ono kwambiri. Kwa kachere kumathandiza kuvindikira nthambi ndi pepala lapulasitiki loonekera, lobooledwa timabowo, kuti chinyontho chisathawe, koma izi zichitike pamthunzi pokha, chifukwa padzuwa pepalalo limaphika mtengo. Mukatero dikirani milungu inayi kapena isanu ndi umodzi musanagamule kuti wafa.

Masamba achikasu ndi dothi losauma

Apa ndi pamene ndifuna kukhalitsa, chifukwa mitengo yambiri imene anthu amati yafa ndi waya kapena ndi dzuwa imakhala itafa ndi dothi. Aphunzitsi amatchula akadama, pumice ndi lava. Akadama ndi timibulu ta dongo lokumbidwa ku Japan, ndipo zinazo ndi miyala yopepuka ya kumapiri ophulika. Zimenezi simuzipeza pa msika wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo, choncho wophunzira amagwa ulesi natapa dothi lakuda la kudambo kapena la pachulu, poganiza kuti dothi lobereka chimanga liberekanso bonsai. M'munda dothi lotere limagwira ntchito chifukwa madzi amapitirira pansi, koma mu mphika wosaya madzi alibe kolowera, timipata tonse timadzaza, mizu imasowa mpweya ndipo imaola. Chosokoneza n'chakuti mtengo wa mizu yoola umafota chimodzimodzi ndi mtengo waludzu, choncho mwiniwake amathiranso madzi ena, n'kuutsiriza.

Kuti musiyanitse, zikani kamtengo kouma kosongoka m'dothi mpaka pansi pa mphika, kasiyeni mphindi khumi, kenaka mukazule. Kakatuluka konyowa ndi kodetsedwa pamene munathirira dzulo kapena dzana, vuto si ludzu. Nunkhizaninso kubowo la pansi pa mphika: fungo lowawasa ngati la madzi a m'chithaphwi ndi chizindikiro cha kuola. Mizu yamoyo imakhala yolimba ndi yoyera kunsonga, pamene yoola imakhala yakuda, yofewa, ndipo khungu lake limavuka mukaikoka. Ngati si nyengo yosintha mphika, pendeketsani mphikawo poika mwala mbali imodzi kuti madzi atsike, uchotseni pamvula, ndipo boolani dothi malo angapo ndi kamtengo kuti mpweya ulowe, kufikira nthawi yoyenera itakwana.

Chimene mphunzitsi akufuna mu akadama si dzina lake kapena dziko lake, koma timibulu tolimba tofanana kukula, tosunga madzi m'kati mwake ndi kusiya mipata ya mpweya pakati pake. Zimenezo tili nazo. Njerwa yootcha bwino, yolira mukaigogoda, imaphwanyidwa ndi kusefedwa kuti patsale tizidutswa ta mamilimita 2 mpaka 6, ndiko kuti kuyambira kukula kwa mapira mpaka kwa khobwe. Njerwa yosapsa bwino musaigwiritse ntchito, ndipo mungaizindikire poviika tizidutswato m'madzi masiku angapo: ikasanduka matope, itayeni. Onjezani mchenga waukuluukulu wa kumtsinje, osati wosalala wopakira nyumba, ndi timakala tosefa, ndi makungwa a paini owolerana kapena manyowa akale opsa bwino. Kuno kumtunda ine ndimasakaniza magawo awiri a njerwa, awiri a mchenga, ndi limodzi la makungwa ndi makala pamodzi. Mlamu wanga amene amakhala ku Moatize amachulukitsa makungwa ndi manyowa mpaka kufika gawo limodzi mwa atatu, chifukwa kumeneko zosakaniza zanga zimauma dzuwa lisanafike paliwombo. Chachikulu ndi kusefa ndi kutsuka: fumbi likatsala, limatsikira pansi ndi kutseka mabowo, ndipo ntchito yonse ija imapita pachabe.

Dothi lotere lilibe chakudya chambiri, choncho mtengo uyenera kudyetsedwa. Manyowa a mbuzi akale, oikidwa timibulu tochepa pamwamba pa dothi, amachita bwino chifukwa amasungunuka pang'onopang'ono. Feteleza wa m'munda monga 12-24-12 angagwiritsidwe ntchito, koma timibulu towerengeka chabe m'mphepete mwa mphika, kutali ndi thunthu. Yuriya ndi wamphamvu kwambiri moti kambiri amatentha mizu ya m'mphika, ndipo ine sindimulangiza kwa woyamba kumene. Mtengo umene wangosinthidwa mphika usadyetsedwe kufikira patapita mwezi ndipo masamba atsopano aoneka.

Masamba opsa m'mphepete

Mphika wosaya umene umaoneka mu vidiyo ndi chovala cha pachionetsero, si nyumba yolereramo mtengo. M'chigwa, mphika wotere ukakhala pa simenti kapena pafupi ndi khoma la malata masana a Okutobala, mizu ya m'mbali imapsa ngakhale dothi lili lonyowa. Gwirani mphika ndi dzanja cha m'ma 2 koloko: ngati dzanja silingapirire, mizunso siingapirire. Ikani mitengo pa thandala lamatabwa lokwezeka, pansi pa chisakasa cha udzu chotchinga dzuwa la masana koma cholola la m'mawa, ndipo gwiritsani ntchito beseni lakuya lobooledwa pansi, kapena mphika wadothi woumba amayi a kumudzi, umene umaziziritsa mizu monga mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Thandalalo likhale lalitali ndithu, chifukwa mbuzi imodzi imatha ntchito ya zaka zisanu pa kanthawi kochepa, ndipo miyendo yake muziiyendera kaamba ka chiswe.

Masamba akapsa m'mphepete pamene mtengo uli pamthunzi, yang'anani pamwamba pa dothi ndi pamlomo pa mphika. Zoyera ngati phulusa ndi mchere wotsalira ku madzi, makamaka a pamjigo amene amamveka mchere pakamwa. Sungani madzi a mvula m'migolo, ndipo kamodzi pa mwezi thirirani kwambiri mpaka madzi atuluke pansi kwa kanthawi kuti akokolole mcherewo. Masamba akachita timadontho totuwa ndi timaukonde kunsi kwake, ndi akangaude ofiira omwe aja amavutitsa alimi a matimati m'chilimwe, ndipo kutsuka masamba kunsi ndi madzi masiku otsatizana, kapena kupopera madzi a nimu madzulo, kumawachepetsa.

Mlambe uli ndi lamulo lake limene limatsutsana ndi chifundo cha mwiniwake. Ukayoyola cha mu Meyi, lekani kuthirira kufikira utayambanso kuphuka, chifukwa thunthu ndi muzu wake zimasunga madzi, ndipo madzi a m'nyengo yozizira amauoletsa. Mukadula muzu wake wotupa ngati chinangwa, usiyeni pamthunzi masiku angapo kuti bala liume musanaubzale. Mphunzitsi wa mapaini sanganene zimenezi chifukwa pa mtengo wake zingakhale zakupha.

Waya wolowa m'khungwa, nthambi yobwerera, nthambi yofa

Mu mavidiyo ambiri mumamva kuti waya akhale pa nthambi miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Izi n'zoona kwa paini wokula pang'onopang'ono, koma kachere wa m'mvula ya Januwale amanenepa msanga moti waya amatha kulowa m'khungwa mwezi usanathe, n'kusiya zipsera zozungulira zimene zimatenga zaka kuti zifafanizike. M'nyengo ya mvula yenderani waya sabata iliyonse, makamaka kunsonga ya mtengo kumene kukula kumakhala kwamphamvu, ndipo akayamba kukanikiza khungwa mudule tizidutswa ndi chodulira waya m'malo momumasula, chifukwa pomasula ndi pamene nthambi zimathyoka. Nthambi ikabwerera pamalo pake akale, palibe chalakwika. Mangani waya wina, ndipo mudzatero kawiri kapena katatu isanakhazikike.

Nthambi ikakana kugwira pomwe mwaipinda, kawirikawiri waya ndi wochepa mphamvu kapena alibe pogwira. Kunenepa kwa waya kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nthambi, azungulire mopendekera pa madigiri 45, ndipo waya mmodzi amange nthambi ziwiri zoyandikana podutsa pa thunthu, kuti ina igwire inzake. Waya wa aluminiyamu ndi wofewa ndipo ndi woyenera mitengo yathu ya khungwa lanthete. Wa kopa wochokera ku zotsala za amisiri a magetsi amayamba wasendedwa ndi mpeni, kenaka n'kuotchedwa pa makala mpaka atafiira pang'ono kuti afewe, ndipo amalimbanso mukamupinda. Gulani kwa mmisiri amene mukumudziwa, pakuti waya wobedwa pa mizere ya magetsi amasiya midzi mumdima, ndipo luso lathu lisakhale msika wa akuba.

Nthambi ikafa masiku angapo mutaipinda, chifukwa chake chimakhala chakuti munaipinda uku ndi uku kangapo pofuna kuona pamene ikukongola, ndipo khungwa linalekana ndi mtengo m'kati ngakhale kunja sikukuoneka bala. Ganizani kaye, pindani kamodzi, ndipo musiye. Bougainvillea ndi wofuna kusamala kwambiri chifukwa nthambi zake zokhwima zimathyoka mosachenjeza. Kwa mitengo yotere, ngakhalenso masawu ndi mlambe, ndimakonda njira ya ku Lingnan kumwera kwa China, yosiya nthambi italike ndi kunenepa, kenaka n'kuidula pamwamba pa diso loloza kumene mukufuna kuti nthambi yatsopano ilowere. Njirayi imachedwa, koma siifuna waya, ndipo mapindidwe ake amaoneka achilengedwe. Kutsitsa nthambi yaikulu kumathekanso poikoka ndi chingwe chomangirira ku mphika, mutaika kachidutswa ka chubu cha njinga pamene chingwecho chikukhudza khungwa.

Mtengo uli moyo koma sukuoneka ngati mtengo

Pali amene mitengo yawo ili yathanzi koma sakhutira, chifukwa ikuoneka ngati ndodo yobzalidwa m'mbale. Thunthu silinenepa mu mphika wosaya. Bzalani mtengo pansi kapena m'beseni lalikulu zaka ziwiri kapena zitatu, mutayala mizu yake pamwamba pa mwala wafulati kapena thabwa kuti iyanze m'mbali ndi kupanga chimene aphunzitsi amachitcha nebari, ndipo musiye nthambi imodzi ya m'munsi ikule mosadulidwa kuti inenepetse tsinde. Masamba aakulu asakudetseni nkhawa pa nthawi imeneyi. Amachepa okha nthambi zikachuluka, ndipo kuthothola masamba onse a kachere kuti pamere ang'onoang'ono ndi ntchito ya mtengo wamphamvu umene wamaliza kale kuumbika, m'katikati mwa nyengo ya mvula. Kumbukirani kuti mitengo imene imatikopa ndi yakale: paini woyera wa banja la Yamaki, amene anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945 ndipo anaperekedwa ku America mu 1976, wakhala akusamalidwa kuyambira 1625.

China chimene chimandipweteka mtima ndi kuona mthethe kapena bwemba utakakamizidwa kukhala ngati paini wa ku Japan, wosongoka pamwamba ndi nthambi zoloza pansi. Mayina a Chijapani a maumbidwe a mtengo, monga chokkan (thunthu loongoka), moyogi (thunthu lokhotakhota) ndi kengai (thunthu lolendewera pansi), ndi ofunika kuwadziwa, chifukwa amaphunzitsa diso kuona mzere wa thunthu, koma nthambi za paini zimaloza pansi kaamba ka kulemera kwa chipale cha kwawoko ndi ukalamba, pamene mitengo yathu imatambasula nthambi m'mwamba ndi m'mbali kuti ichite mthunzi. Oweta bonsai a ku South Africa anazindikira izi, ndipo ali ndi kaumbidwe ka mtengo wa mutu wotambalala ngati ambulera kamene anakatcha Pierneef, potengera dzina la wojambula zithunzi amene ankajambula mitengo yotere. Ife sitifunika kupita kutali. Ulendo umodzi wochokera ku Zóbuè kutsikira ku Tete umakuonetsani milambe ya maumbidwe osiyanasiyana, tsanya wa m'chigwa, ndi mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje wa Revúboè. Jambulani imene yakugwirani mtima, onani pamene thunthu likugawikana ndi mmene nthambi zikucheperachepera, ndipo mutenge kwa mphunzitsi luso la manja, koma chithunzi cha mtengo mutenge kwathu konkuno.

Mtundu wa mtengo nawo ndi wofunika kuuganizira. Mapulo wa ku Japan amafuna miyezi ya kuzizira kuti agone, ndipo mu mzinda wa Tete amangofookerafookera kufikira atafa, kaya mumusamale motani. Mbewu zogulitsidwa pa intaneti zolembedwa kuti "mbewu za bonsai" ndi mbewu wamba za mitengo, pakuti bonsai si mtundu wa mtengo koma kasamalidwe kake; mawuwo m'Chijapani amangotanthauza chobzalidwa m'mbale. Nthangala za malambe zokandidwa pa mwala kapena zoviikidwa m'madzi otentha zimamera bwino, ndipo nthambi ya kachere yozikidwa m'nyengo ya mvula imachita mizu mosavuta. Bonsai si wa m'nyumba: mtengo woikidwa pa tebulo la pabalaza sabata zingapo umayoyola chifukwa chosowa kuwala. Amene akufuna kukumba mtengo wa kutchire, chimene aphunzitsi amachitcha yamadori, ayambe wapempha kwa mwini malo ndi kwa mfumu, afunsenso a zankhalango ku boma, ndipo asayandikire kumanda kapena kudambwe. Ndibwino kuyamba ndi zitsa za m'munda zimene zikanatenthedwa pososa, pozidula mizu mozungulira chaka chimodzi ndi kuzizula chaka chinacho mvula itayamba.

Kaonedwe ka vidiyo ndi kafunsidwe ka funso

Ma mega ndi odula, choncho ambiri amaonera mothamanga, kulumpha mawu n'kungoona manja, pamene chifukwa cha kudula kulikonse chili m'mawuwo. Kuli bwino kusankha aphunzitsi awiri kapena atatu, kutsitsa vidiyo imodzi pamene netiweki ili bwino, ndi kuionera katatu: koyamba kuti mumve cholinga, kachiwiri kuti muone manja, kachitatu mtengo wanu uli patsogolo panu koma sizasi ili kutali. Fufuzani kumene mphunzitsi amakhala ndi tsiku limene vidiyo inajambulidwa, ndipo sankhani amene amabwereranso ku mtengo womwewo patapita chaka, chifukwa ndi iwo amene amaonetsa zotsatira za ntchito yawo. Khalani ndi kope lolembamo tsiku limene mtengo uliwonse waphuka, wayoyola, wadulidwa kapena wamangidwa waya. Pakatha zaka ziwiri kopelo limakhala kalendala ya mudzi wanu, imene mphunzitsi wakunja sangakupatseni.

Pofunsa funso, musangotumiza chithunzi cha tsamba lachikasu. Nenani kuti muli kumwera kwa dziko lapansi, m'chigwa chotentha kapena kumapiri, tchulani kutentha kwa masana ndi kwa usiku, ndipo mufotokoze ngati ndi nyengo ya mvula kapena yachilimwe. Perekani dzina la mtengo la akatswiri a zomera, popeza kachere kapena masawu sawadziwa kunja: mlambe ndi Adansonia digitata, bwemba ndi Tamarindus indica, masawu ndi Ziziphus mauritiana, msangu ndi Faidherbia albida, tsanya ndi Colophospermum mopane, ndipo mkuyu ndi kachere ndi a banja la Ficus. Fotokozani zosakaniza za dothi lanu, kathiriridwe kanu, ndi ntchito zonse zimene mwachita pa mtengowo m'miyezi itatu yapitayo, kenaka mutumize zithunzi zitatu zojambulidwa pamthunzi: cha mtengo wonse kutsogolo kwa khoma loyera, cha pamwamba pa dothi, ndi cha kunsi kwa tsamba lodwalalo.